Dzanja limene ankalikhalira: lipoti la mwana mmodzi pa sukulu ya mkombaphala

Lipotili ndalembera alezi anzanga, makamaka inu amene mwayamba kulola ana kudzisankhira okha ntchito m'kalasi. Akubanja andilola kufotokoza nkhaniyi, koma dzina la mwana, la banja ndi la sukulu sinditchula. Ndizingoti mnyamatayo.

Sukulu yathu ili pa tsika lina m'boma la Dedza. Ndi chipinda chimodzi cha njerwa zootcha, khonde, chimbudzi ndi mpondagiya pambali pake. Nthawi imene ndikunenayi tinali ndi ana 27, kuyambira azaka zitatu mpaka oyandikira zisanu ndi chimodzi, alezi awiri, ndi amayi a m'komiti amene amasinthana kuphika phala. Misinkhu timaisakaniza dala. Kuyambira 7:30 mpaka 10 koloko sitiimbitsa ana "A for apple". M'mbali mwa khoma muli mashelefu ofika m'chiuno mwa mwana, ndipo ntchito iliyonse ili m'kalichero kake kapena pa thireyi yake: tijagi tiwiri tothirirana madzi ndi kansanza kopukutira, mbale ziwiri ndi supuni yotapira nyemba, nsalu zokhomera pa timatabwa zokhala ndi mabatani, zipi ndi zingwe, katsache, beseni lotsukira makapu, chimanga chotong'ola. Mwana amatenga imene mtima wake wafuna, n'kuyala kamkeka, n'kuigwira mpaka atakhutira, kenako n'kubwezera pamalo pake.

Nzeruzi sitinayambe ife. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, anatsegula Casa dei Bambini pa 6 Januwale 1907 ku San Lorenzo, dera la amphawi mumzinda wa Rome, kuti asonkhanitse ana amene ankatsala okha makolo akapita kuntchito. Anawaikira timipando ndi timatebulo ta msinkhu wawo, ndipo anaona kuti anawo ankasiya zidole n'kuthamangira kusamba m'manja, kusesa ndi kumanga mabatani. Ndimaseka ndikamva wina akuti zimenezi ndi zachizungu. Mwana wazaka zinayi kumudzi kwathu amatunga kale madzi m'kandowa, amaingitsa nkhuku pa ufa, mwinanso kubereka mng'ono wake. Chachilendo ndi ichi timachita ifechi, kuti tikamanga chipinda n'kuchitcha sukulu, mwana yemweyo timamukhazika pansi n'kumuuza kuti apinde manja.

Mmene anafikira

Mnyamatayo anabwera chakumapeto kwa 2022 ali ndi zaka zinayi ndi miyezi itatu. Anafika ali kumsana kwa agogo ake aakazi, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Amayi ake anapita ku Johannesburg kukagwira ntchito ya m'nyumba iye ali ndi chaka chimodzi ndi theka, ndipo kuyambira pamenepo analeredwa ndi agogowo. Pomutsitsa anandiuza kuti, "Aphunzitsi, ameneyu musamuvutitse, sadziwa kanthu. Phala muzichita kumudyetsa."

Masabata oyamba ankakhala pafupi ndi chitseko, manja onse awiri atawakhalira pansi pa ntchafu. Pa shelefu sankapitapo. Phala likabwera ankangoyang'ana kapu yake, ndipo popanda womudyetsa linkazizira pomwepo. Kawiri konse anadzikodzera ataima pakhomo penipeni pa chimbudzi, batani la kabudula litamukanika. Koma pakamwa panali polongosoka. Mayina a anzake onse anawadziwa m'sabata imodzi, ndipo wina akabwezera lichero pa shelefu yolakwika ankamudzudzula ali chikhalire kuti, "Si pamenepo, ndi apo." Maso ndi mutu zinkagwira ntchito. Manja okha ndi amene anali ngati obwereka.

M'kope langa ndinalemba mawu amodzi: wasasatitsidwa. Mwana wa agogo, ndinatero mumtima, tawaonapo ambiri. Ndinagamula kuti tisiye kumudyetsa. Ndinkamuikira supuni m'dzanja lamanja, n'kugwira dzanjalo ndi langa, n'kulitsogolera kukamwa. Ankalimbitsa mkono ngati mtengo. Masiku atatu sanadye phala, ankangolira chamumtima, ndipo tsiku lachinayi agogo anabwera nkhope itagwa. Ndinabwerera m'mbuyo, mnzanga anayambanso kumudyetsa.

Apa ndinalakwa, ndipo ndikufuna muone bwino pamene panali cholakwacho. Kufuna kuti mwana adye yekha sikunali kulakwa. Ndinalakwa popereka mankhwala ndisanapime. Ndinali nditamva nkhani ya agogo ndi ya amayi a ku Joni, n'kuganiza kuti ndamudziwa mwanayo, pamene ndinali ndisanakhale pansi ngakhale theka la ola kungomuyang'ana iyeyo.

Tsiku la tijagi

Kumayambiriro kwa 2023 kolera inavuta kwambiri m'dziko muno, mpaka boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ife tinakhwimitsa zosamba m'manja: pofika, pochoka kuchimbudzi, ndi asanadye phala. Mpondagiya sufuna manja kuti madzi atuluke, umangoponda kamtengo, ndipo mnyamatayo anaukonda. Ankatha kuima pamenepo mpaka chigubu kuuma. Aka kanali koyamba kumuona akuchita chinthu popanda womutuma.

Tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale ndinali pakona ndikusoka nsalu ya mabatani imene inang'ambika, mnzanga ali panja. Mnyamatayo anayang'ana uku ndi uku, n'kudzuka, n'kukatenga thireyi ya tijagi. Chizolowezi chathu chinali choika jagi ya madzi chogwirira chitaloza kumanja. Iye anaitembenuza pang'onopang'ono mpaka chogwirira chinaloza kumanzere, anainyamula ndi dzanja lamanzere, n'kuthira m'jagi inayo osataya ngakhale dontho. Anasinthanitsa majagiwo n'kuthiranso. Ndinawerenga chamumtima, kanakwana ka 11. Kenako mnzanga analowa n'kudutsa kumbuyo kwake. Mwanayo anaisiya jagi ija madzi n'kutayika, dzanja lamanzere analithamangitsira pansi pa ntchafu, khosi n'kulilowetsa m'mapewa ngati fulu. Mwana sachita choncho chifukwa cha manyazi. Amatero amene akudikira mbama.

Sindinalankhule kanthu, kwa iye kapena kwa mnzangayo, mpaka ana ataweruka. Sabata yotsatira yonse ndinasiya ntchito zina n'kumangomuyang'anira chapatali, ndikulemba dzanja limene watambasula pofuna kugwira chinthu. Pa maulendo 40 amene ankaganiza kuti palibe wamkulu akumuona, 34 anatambasula lamanzere. Mpira wachikulunga ankaumenyanso ndi phazi lamanzere. Koma akangoona kuti ndamuyang'ana, ankatambasula lamanja mokayikira, kapena osatambasula lililonse.

Ndisanathamangire kunena kuti ndi wamanzere basi, panali chinthu china choti chichotsedwe panjira. M'kabuku kake ka kusikelo munalembedwa kuti ali ndi zaka ziwiri anagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu, mpaka kukomoka. Malungo ofika ku ubongo amatha kusiya mbali imodzi ya thupi yofooka, ndipo mwana wotere amakonda dzanja limodzi osati mwachibadwa koma chifukwa linalo likumukanika. Ameneyo amafunika achipatala, osati mlezi yekha. Ndinapempha alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kuti aperekeze agogo kuchipatala chaching'ono. Kumeneko anamuyesa kufinya, kukankha, kuyenda ndi kudumpha, ndipo anapeza kuti mikono ndi miyendo yonse ili ndi mphamvu zofanana. Anali wamanzere chabe, monga alili pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu khumi alionse.

Pakhonde pa agogo

Nkhaniyi sindinafune kuikamba pasukulu, pamene agogo akanaoneka ngati aitanidwa kumlandu. Ndinapita kwawo Lamulungu masana. Anandiyalira mphasa, tinakamba za mvula ndi za mtengo wa feteleza, kenako ndinafotokoza zimene ndinaona pa tijagi tija. Ndinangofotokoza, osafunsa kuti ndani amamumenya.

Anakhala chete nthawi ndithu. Kenako anati, "Ndimadziwa, aphunzitsi. Anayamba akukwawa. Koma manzere ndi dzanja la kuchimbudzi. Mukufuna adzakule azikapisa dzanja limenelo m'mbale ya ndiwo pamaliro? Anthu adzati analeredwa ndi ndani? Sadzatchula amake, adzatchula ine."

Pang'onopang'ono zonse zinatuluka. Akatambasula lamanzere ankamumenya padzanjapo. Akayesa ndi lamanja chakudya chinkathera pansi, iye n'kumalira, ndipo agogo chisoni chinkawagwira, poganiza kuti mwana wopanda amake pafupi agone ndi njala. Ankamunyamula n'kumudyetsa. Amayi ake akaimba foni pa WhatsApp funso loyamba linkakhala loti mwana wanenepa kapena waonda. Motero kumumenya ndi kumusasatitsa kunkachokera pa mtima umodzi womwewo, ndipo mwanayo anapeza yekha njira yopewera zonse ziwiri: kusagwira chilichonse.

Ndinali nditakonzekera mawu ambiri okhudza ubongo wa mwana, koma sindinawagwiritse ntchito. Ndinangofunsa ngati m'banjamo munakhalapo wina wamanzere. Agogo anaseka koyamba tsikulo. "Malemu agogo ake aamuna. Mipini yonse ya makasu m'mudzi muno ankasema ndi manzere. Koma nsima ankadya ndi dzanja lamanja ngati munthu aliyense." Ndinati, "Nanga Agogo, mdzukulu wawoyu bwanji osatengera iwo omwe?"

Tinapangana motere. Nsima azidya ndi dzanja lamanja, moni azipereka ndi lamanja, chinthu kwa wamkulu azilandira ndi manja awiri monga mwa mwambo. Zina zonse, supuni, batani, tsache, choko, azigwira ndi dzanja limene lamufikira. Kumenya padzanja kuthe.

Mlezi wina amene tinaphunzira limodzi anandidzudzula kuti ndinagonja, kuti mwana ayenera kumasulidwa kotheratu. Ine sindikuona choncho. Mnyamatayo amakhala nafe maola anayi, maola ena onse ali ndi agogo ake ndi mudzi wake. Ndikanapambana mkanganowo, akanamasuka m'kalasi n'kumakamenyedwa kunyumba, ndipo akanaphunzira kuti akuluakulu ake awiri sagwirizana za thupi lake. Komanso kupota mbamu ya nsima si ntchito yofuna luso la zala ngati kulemba. Amanzere ambiri m'dziko muno amadya nsima ndi dzanja lamanja popanda vuto, pamene kulemba ndi dzanja lokakamizidwa kumawasautsa zaka zambiri. Ndinapereka chopepuka kuti ndipulumutse cholemera.

Zimene tinasintha m'kalasi

Zambiri zinali zazing'ono, zosafuna ndalama. Zogwirira za majagi tinayamba kuziloza kwa mwana, pakati, ndipo supuni tinkaiika kumtunda kwa mbale osati kumanja kwake, kuti chipangizo chisamusankhire mwana dzanja. Tinachitira ana onse, kuti asaoneke wapadera. Agogo tinawapempha kuti kwa kanthawi azimuveka kabudula wa lasitiki. Batani aziphunzira pa kathabwa, mtima uli m'malo, osati pakhomo pa chimbudzi mkodzo utamupana. Kudzikodzera kunatha sabata yomweyo.

Posonyeza mwana ntchito yatsopano, mlezi amakhala pambali pake, kumanja, n'kuchita pang'onopang'ono, mawu ochepa, kuti mwana aone zala osati pakamwa. Kwa mnyamatayo ndinasamukira kumanzere kwake n'kumasonyeza ndi dzanja langa lamanzere. Tsiku loyamba ndinataya madzi theka la jagi. Ana anafa nazo kuseka. Iye anandiyang'ana, n'kutenga kansanza, n'kupukuta pa thireyi, kenako anati, "Anti, mumathira chonchi." Ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo linamuchiritsa kuposa masiku amene ndinasonyeza bwino. Anaona wamkulu akugwira jagi ndi dzanja loletsedwa lija, akulephera, ndipo palibe chimene chinagwa kumwamba.

Phala sitinalikhudze. Mnzanga anapitiriza kumudyetsa, koma supuni yachiwiri inkakhala pamtunda pa kapu yake, osanenapo kanthu. Patapita masabata atatu anaitola. Apa tinalakwanso kachiwiri. Mnzanga, chifukwa cha chimwemwe, anaimitsa ana onse kuti amuwombere m'manja. Mnyamatayo anaika supuni pansi, dzanja n'kulibwezera pansi pa ntchafu, ndipo masiku awiri otsatira sanadyenso yekha. Kwa mwana amene wakhala akumenyedwa chifukwa choonedwa, maso a ana 26 omuyang'ana ndi chilango, ngakhale akhale maso okondwa. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti akachita chatsopano tiziyang'ana kumbali, tikasangalalire kukhitchini.

Mphunzitsi wake weniweni sanali ine. Kunali kamtsikana ka zaka zisanu ndi theka kamene kanadzipatsa udindo wotsuka makapu a phala. Kankafuna wotsukuluza, ndipo kanalibe nazo ntchito zoti akugwira ndi dzanja liti, bola kapu isatsale ndi thovu. Mnyamatayo anakhala wachiwiri wake miyezi inayi. Kwa kamtsikanako anaphunzira kufinya nsanza, kuyanika makapu pa thandala, ndi kunyamula beseni la madzi awiriawiri osakhavukira. Ndi chifukwa chake sindivomera kugawa ana azaka zitatu kwaokha, azaka zisanu kwaokha, ngakhale makolo ena amapempha.

Kunena za makolo, pa msonkhano wa m'chaka chomwecho bambo wina anaimirira n'kufunsa kuti, "Kodi ndalama tikuperekazi n'zoti ana athu azikolopa? Kwa anzathu uko ana akuwerenga mpaka handiredi m'Chingerezi." Funso limeneli limabwera chaka chilichonse, ndipo ndili ndi yankho langa lokhudza zala zimene zimatong'ola chimanga lero n'kudzagwira pensulo mawa. Koma ndisanatsegule pakamwa, agogo aja anakweza mkono. Anati, "Wanga ndinabwera naye kumsana. Lero m'mawa wadziveka yekha, wandisesera pakhonde, wanditsogolera njira. Chingerezicho akachipeza ku pulayimale." Bamboyo sanakhutire, ndipo mwana wake anamusamutsadi teremu yotsatira.

Kubwerera m'mbuyo

Mu Disembala 2023 amayi ake anabwera kudzadya Khirisimasi. Anali asanamuone zaka zoposa zitatu, ndipo mwana amene anali m'mutu mwawo anali wakhanda uja anamusiya. Anamunyamula, kumusambitsa, kumudyetsa, kumuveka nsapato za zingwe za ku Joni. Sindikuwaweruza, inenso ndine mayi. Amayiwo atabwerera ku Joni mu Januwale, mnyamatayo anafika kusukulu ngati wa tsiku loyamba: pafupi ndi chitseko, manja pansi pa ntchafu, ndipo anadzikodzeranso kamodzi.

Mnzanga anataya mtima, akuti chaka chonse chapita m'madzi. Ine nthawi ino ndinali nditaphunzira kudikira. Luso silinachoke m'zala zake, mwanayo ankalira amake. Sitinamudyetse, sitinamukakamizenso. Kapu ndi supuni tinkaziika patsogolo pake, ndipo ine ndinkakhala pambali ndi kapu yanga. Thireyi ya tijagi, imene tinali titaichotsa pa shelefu chifukwa ana anaitopa, tinaibwezerapo. Anaipeza tsiku lachitatu. Kwa masabata awiri sanagwire china koma kuthira madzi, ntchito ya mwana wazaka zitatu, iye ali ndi zisanu. Tinamusiya. Sabata yachitatu anapita yekha pa kathabwa ka zingwe, ndipo pofika Malichi ankamanga yekha nsapato za amake zija.

Kulemba kunabwera m'miyezi yomweyo. Tinayambira mu thireyi ya mchenga, chala chokha, kenako choko pa sileti. Kwa kanthawi ankayambira kumanja kupita kumanzere, zilembo zina n'kumazitembenuza ngati za pagalasi. Izi zimachitika kwa ana ambiri a msinkhu umenewu ndipo si matenda. Ndinkangoika kadontho ka choko pakona ya kumanzere kuti adziwe poyambira. Pepala ndinamuphunzitsa kulipendeketsa pang'ono, kumtunda kwake kutaloza kumanja, kuti dzanja lisamafute zimene walemba ndiponso asazolowere kupinda mkono ngati mbedza. Pa tebulo ankakhala kumapeto a kumanzere kuti zigongono zisamagundane ndi za mnzake.

Chimene chinatikanika ndi sizasi. Sizasi wamba anapangidwira dzanja lamanja. Wamanzere akaigwira, mpeni wa pamwamba umabisa mzere umene akudula, ndipo zala zimakankha mipeniyo motalikirana mmalo moithinanitsa, pepala n'kumangopindika. Pa tsika lathu sizasi ya amanzere kulibe, ngakhale ku Dedza boma ndinaisowa. Anachoka pasukulu pathu akudulabe mokhotakhota.

Analowa Sitandade 1 mu Sepitembala 2024. Ndinalemba kakalata kwa aphunzitsi ake atsopano kofotokoza kuti mwanayu ndi wamanzere, achipatala anamuona, ndipo akubanja anavomereza kuti azilemba ndi dzanja limenelo. Kalasi la ana ochuluka chotere, sindikudziwa ngati kakalatako kanawerengedwa. M'sabata yachiwiri mwanayo anakauza agogo ake kuti aphunzitsi amuchotsera pensulo kumanzere n'kumuikira kumanja. Ine ndinamva nkhaniyi itatha kale, titakumana kuchigayo. Agogo sanabwere kwa ine. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kupita okha kusukuluko, n'kukafotokozera aphunzitsiwo za malemu amuna awo ndi mipini ya makasu. Pensulo inabwerera kumanzere.

Za sizasi zija ndinali nditawauza amayi ake pa foni asananyamuke, ndipo ndinaiwalako. Chakumapeto kwa chaka chomwecho, munthu wina wochokera ku Johannesburg pa basi anatula kaphukusi kwa agogo. Munali masizasi awiri a amanzere. Imodzi ili m'chikwama cha mnyamatayo. Inayo agogo anabwera nayo kusukulu, ndipo ili pa shelefu yachiwiri, m'kalichero ka timapepala todula, chogwirira chake tinachimanga kansalu kofiira. Panopa ikugwiritsidwa ntchito ndi kamtsikana ka zaka zitatu ndi theka, kamene amayi ake ndikukaonana nawo Lamulungu likubwerali.